Tsamba la buku la mapemphero la zaka za m'ma 1400: ndemanga yanga

Patha miyezi isanu chigulireni tsamba limodzi la buku la mapemphero lolembedwa pamanja kwa munthu wina wogulitsa mabuku akale ku London. Iye analemba kuti linachokera kumpoto kwa France cha m'ma 1470, m'buku la mtundu wa Book of Hours, lomwe Akhristu wamba ankapempherera pa maola oikika a tsiku.

Pa za tsamba lenilenilo ndilibe chodandaula. Si pepala ayi, koma chikopa cha mwana wa ng'ombe chopalidwa mpaka kupyapyala, ndipo mbali yomwe kunali ubweya ndi yoderako poyerekeza ndi inzake. Mizere yofiira yomwe mlembi anayamba wajambula kuti mawu asakhote ikuonekabe. Zilembo zoyambira mavesi n'zokutidwa ndi golide weniweni, wotukuka pang'ono, moti m'mawa kukawala amanyezimira ngati wapakidwa dzulo, pamene inki yafwifwa n'kusanduka yakhofi. Mawu ake ndi a Chilatini, a Salimo 130, lomwe m'mabuku amenewa limawerengedwa 129 ndipo lili m'gulu la masalimo asanu ndi awiri a kulapa. Ine amene ndinakula ndikumva salimo limeneli pa maliro, ndinakhala chete nthawi yaitali nditazindikira mawu oyambawo, De profundis, kutanthauza "M'mozamamo". Pangodya ya m'munsi pali kuda komwe ndikukhulupirira kuti kunabwera ndi zala za eni ake akale, ndipo malo amenewo ndi omwe ndimayang'anapo kwambiri.

Katunduyu anafika atamangidwa bwino pakati pa makatoni olimba. Amene mukufuna kugula dziwani kuti chikopa chimakwinyika kukakhala chinyezi, ndiponso dzuwa limafufutsa utoto, choncho pamafunika ndalama zina za felemu ya galasi lotchinga kuwala, makamaka yoonetsa mbali zonse ziwiri popeza konse n'kolembedwa.

Chomwe sichinandikhutiritse ndi yankho la wogulitsa nditamufunsa kuti bukulo linaphwasulidwa liti komanso ndi ndani. Anangoti tsambali linachokera m'manja mwa wosonkhanitsa wina, osaonjezerapo kanthu. Funsoli si lachabe, chifukwa mabuku ambiri athunthu adadulidwa dala poona kuti masamba ogulitsidwa limodzilimodzi amabweretsa ndalama zochuluka, monga ankachitira Otto Ege, mphunzitsi wa zaluso wa mumzinda wa Cleveland ku America, m'zaka za m'ma 1900. Salimo la patsamba langa likuthera pakati pa vesi, ndipo mawu otsalawo ali patsamba lina lomwe mwina lili pakhoma la munthu wina kudziko lakutali. Zimenezi zimandipweteka nthawi iliyonse ndikawerenga mpaka mzere wotsiriza.

Ndikupereka nyenyezi zinayi mwa zisanu. Ndidzagulanso kwa wogulitsa ameneyu pokhapokha atandionetsa zikalata zotsimikizira kuti tsambalo linalekana ndi buku lake kalekale, osati posachedwapa pofuna malonda.