Nyama zoyankhula kapena ana ngati iwowo?

Mabuku ambiri a ana ophunzitsa chifundo amadalira nyama: chimbalangondo chovala malaya, kalulu wobwereketsa anzake zidole. Ubwino wake ulipo ndithu. Mwana amene anzake amamuseka chifukwa cha chibwibwi amamvetsera nkhani ya kanyama kosalidwa popanda kumva ngati akumuloza chala. Komanso nyama ilibe mtundu, ndiye mwana aliyense amadzionamo.

Koma pa nkhani yogawana, mabuku a anthu akuoneka kuti amalowerera kwambiri. Mu 2017, akatswiri a ku University of Toronto anawerengera ana a zaka 4 mpaka 6 nkhani yolimbikitsa kugawana, ena ya anthu, ena ya nyama zochita ngati anthu. Anawo anapatsidwa timasitika toti agawireko mwana wina. Amene anamva nkhani ya anthu anagawa zambiri kuposa mmene anagawira asanamve nkhaniyo, pomwe a nkhani ya nyama sanatero. Mwina mwana amaona zochita za kanyamako ngati zongosangalatsa, zosamukhudza iyeyo.

Ine ndapendekera kwa anthu. Usiku wina ndikuwerengera mwana wanga, tinafika patsamba lomwe panali mtsikana wa panjinga ya olumala, ataima pakhomo la kalasi. Mwana wangayo anaika chala pachithunzipo n'kufunsa, "Nanga masitepewa akwera bwanji?" Tinakhalitsa patsamba limenelo, iye akufunsa, ine ndikusowa poyankha. Za kalulu uja amangoseka n'kundikoka dzanja kuti nditsegule kutsogolo, ngakhale kuti ndi buku lomwelo limene amalifuna tulo tikamamubwerera.