Kusiya choko kaye, kapena kuphunzira uphunzitsi uli m'kalasi?

Mchemwali wanga ali ndi digiri ya sayansi koma alibe pepala la uphunzitsi. Akuphunzitsa pa sekondale ina ku Ndirande, ndipo watifunsa: asiye ntchito akaphunzire, kapena aziphunzira pa holide uku akuphunzitsabe?

Kusiya ntchito kumapatsa mpata. Ku Zomba, ku Chancellor College yomwe kuyambira 2021 ikutchedwa University of Malawi, laibulale ili pafupi, nthawi yowerenga ndi yambiri, kuyeserera kuphunzitsa kumabwera pambuyo. Koma malipiro amaima, ndipo lendi ya mu Blantyre siidikira munthu.

Njira yachiwiriyi ndi yotopetsa, sindibisa. Usiku ukuchonga makope a Fomu 3, m'mamawa uli m'minibasi, pa holide anzako akupuma iwe uli pa desiki. Komabe mtima wanga uli komweku. Zomwe waphunzira, sukulu zikangotsegulira umaziyesa pa ana enieni, monga mtsikana wa kumbuyo uja amene sakweza dzanja ngakhale yankho akulidziwa. Zikakanika, umabwerera kwa alekichala ndi funso lochokera m'kalasi mwako. Mchemwali wangayo ndamuuza kuti apemphe mphunzitsi wina wamkulu azikhala kumbuyo nthawi zina, kumuuza pomwe waphonya.