Makaniko wa njinga pafupi ndi msika wa Zomba

Tayala lakutsogolo la mountain bike yanga linkapendekera kumanzere, mpaka kumakhula foloko ndikamatsika ku Chawe. Bambo amene amakonza njinga pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi msika sanathamangire kundigulitsa foloko yatsopano. Anayamba aona ngati ekiselo yakhala bwino m'malo mwake, kenako anazula tayalalo n'kulibwezera molitembenuza. Kupendekerako kunasamukira kumanja. Anati zikatero foloko ilibe mlandu, vuto ndi limu. Foloko ikanakhala yopindika, tayala likanapendekerabe kumanzere.

Anamasula pang'ono masipoko a mbali ya disiki ya mabuleki n'kumanga a mbali inayo, limodzi limodzi, akupukusa tayala n'kumayeza mpata ndi chala. Ntchito yawo imatenga nthawi ndithu, ndiye mupite musakufulumira. Ine njinga yangayi sindidzapita nayonso kwina.