Mamati a siponji a karate: 24 ndi abwino, koma wogulitsayo sindidzamuiwala

Ndikulemba izi chikhadabo cha mwana wa eni ake chisanamere.

Ndimaphunzitsa karate pano pa Mangochi boma, m'holo ya malata imene timachita lendi madzulo. Zaka zonsezi takhala tikupondera simenti, ana akumabwerera kwawo mawondo atanyuka. Makolo anasonkha, inenso ndinathirapo kanga, ndipo tinaitanitsa mamati 36 olumikiza aja, a mita imodzi mbali zonse, ofiira uku abuluu uku, okhuthala masentimita 2.5, kwa mkulu wina wa ku Limbe amene amatsatsa pa Facebook. Mtengo wake sunali wa masewera. Anawakweza basi, ife tinakawatenga pa depoti ndi makabaza atatu.

Poyala m'pamene ndinaona kuti mtolo umodzi si wofanana ndi inzake. Mamati 24 ankalumana bwino, mano ake kulowana mpaka osaona polumikizira. Koma 12 enawo anali opyapyala, masentimita 2 okha nditayeza ndi rula, ndipo mano ake anali aang'ono moti ankasiya mpata wolowa chala cha mwana. Ndinaimba foni tsiku lomwelo. Yankho lake linali lakuti, "Achimwene musadandaule, amenewo amakhazikika okha mukamawaponda." Ndinamukhulupirira. Ndinawayala kumbali ya mawindo poganiza kuti kumeneko sikupondedwa kawirikawiri.

Inu amene mumakhala kuno mukuudziwa Okutobala wathu. Ikamakwana 3 koloko malata amakhala akuotcha, thukuta lili kamukamu usanayambe n'komwe. Tsiku limenelo mamati a kuwindo, amene dzuwa limawaomba, anali atadzuka pakati ngati kachulu, ndipo mpata uja unali utayasama. Mtsikana wina wa zaka 11, wa lamba wachikasu, ankayeserera mawashi geri, kumenya ndi mwendo mozungulira kuchokera m'mbali. Pomenya mwendo umenewu, phazi loimira limayenera kuzungulira. Iye anazungulira bwino kwambiri, monga ndinamuphunzitsira, koma chala chachikulu chinalowa mu mpata muja n'kutsalira momwemo thupi lonse likutembenuka. Sanalire nthawi yomweyo. Anangokhala pansi atagwira phazi, akundiyang'ana, magazi akudontha pa mati abuluu, chikhadabo chitatukuka theka. Anzake onse anangoti zii.

Ndinamutengera kuchipatala pa njinga yamoto, anamumanga, kenako ndinakamusiya kwawo. Mayi ake amagulitsa usipa wouma kumsika, ndipo anali m'gulu la oyamba kupereka ndalama za mamatiwa. Sanandikalipire. Anangondifunsa kuti, "Aphunzitsi, si paja mumati tikusonkha kuti ana asamavulale?" Mpaka lero funso limenelo likundilasa.

Wogulitsa uja sanayankhe foni masiku atatu. Tsiku lachinayi anayankha mayi wina wa m'shopumo, amene anandiuza kuti katundu akatuluka sabwezedwa. Nditafotokoza za mwanayo, iwo akuti, "Nanga iyeyo sayang'ana poponda?" Mayi inu, ngati mukuwerenga izi, mwana wa zaka 11 akamamenya mwendo amayang'ana kutsogolo, sayang'ana pansi. Mawu amenewo anandiwawa kuposa ndalama.

Komabe ndinene chilungamo, kachulu kaja sikanali ka wogulitsa yekha. Mnzanga wina amene amaphunzitsa judo ku Blantyre anandifunsa ngati ndinasiya malo pakati pa mamati ndi khoma. Sindinasiye. Ndinali nditawathinitsa mpaka kukhoma, ena kuwadula ndi mpeni kuti akwane ndendende. Siponji imeneyi, imene amaitcha EVA, imafufuma kukatentha, ndiye ikasowa kolowera imadzukira m'mwamba. Kuno kunyanja zimenezi si zongomva ayi. Ndinachotsa 12 aja, otsalawo ndinayalanso mamita 6 kwa 4, kusiya zala ziwiri kukhoma, ndipo pawindo tinapachika nsalu. Papita miyezi iwiri, sanadzukenso.

Ndipo 24 amenewa, kunena zoona, ndi katundu. Saterera ngakhale thukuta litagwerapo, ndipo ndi olimba bwino moti phazi silimira. Izi n'zofunika, chifukwa mati ofewa ngati matiresi amapotokola akakolo pozungulira. Fungo la pulasitiki linatha patatha sabata. Timangopukuta ndi kansalu ka madzi a sopo. Chimene chimawadya ndi mchenga, ndiye tinaika beseni pakhomo, aliyense atsuke mapazi asanakwerepo. Ana a m'mbali mwa Shire amabwera nawo wambiri.

Kwa a karate ndi taekwondo, mamati okhuthala masentimita 2.5 akukwanira. A judo musayerekeze, munthu wogwetsedwa kuchokera paphewa amafunika masentimita 4. Amene mukufuna bwalo lonse la mpikisano, ndi mamita 8 kwa 8, kutanthauza mamati 64 osawerengera a m'mphepete, ndiye pamenepo mitolo yosakanikirana ingakupwetekeni kuposa ife. Musagule pa chithunzi. Pitani nokha kapena tumani munthu ndi rula, atulutse mati amodzi mu mtolo uliwonse, awalumikize pompo m'shopumo wogulitsa akuona.

Mtsikana uja wabwerera sabata yatha, chala chili chomanga, akungochita kata, ndondomeko ya mayendedwe a karate imene munthu amachita payekha, pang'onopang'ono pakati penipeni pa holo. Mamati 12 aja ndawaunjika kuseri kwa chitseko kunyumba. Uthenga wanga wa pa WhatsApp wopempha kuti andisinthire anauwerenga pa 3 Novembala, ndipo sanayankhe.