Wailesi ndi masipika atsopano mu Corolla yakale: ntchito ya wamagetsi wa ku Kapata

Galimoto yanga ndi Toyota Corolla ya 2002, ija amati NZE121, yomwe inabwera kuchokera ku Japan itayendapo kale. Injini ilibe chovuta, koma zoimbira zake zinali zitatheratu. Ndinaipereka kwa mnyamata wina wokonza za magetsi a galimoto cha ku Kapata, mu Chipata muno, kuti asinthe wailesi ndi masipika a kutsogolo, aikenso kasabuwufa kakang'ono, kasipika ka besi, pansi pa mpando. Zinthuzi zadutsa m'mvula, zadutsanso m'kutentha kwa Okutobala, ndiye tsopano ndikhoza kunenapo. Pa nyenyezi zisanu ndikupereka zinayi.

Ambiri ogula galimoto za ku Japan amadabwa kuti bwanji wailesi imangogwira masiteshoni awiri kapena atatu. Sikuti yafa ayi. Pa nthawi imene galimotozi zinkapangidwa, FM ya ku Japan inkayambira pa 76 n'kulekezera pa 90 MHz, pomwe yathu kuno, monga m'maiko ambiri, imayambira pa 87.5 mpaka 108. Ndiye siteshoni iliyonse yokhala pamwamba pa 90 simungaipeze, ngakhale mutaima pakhomo pake penipeni. Mwini wake woyamba kuno anali ataikamo kabokosi kaja amati band expander, kamene kamatsitsa manambala kuti alowe m'wailesi ya ku Japan. Kamathandiza ndithu, koma nambala yooneka pagalasi si yeniyeni, ndipo nthawi zina masiteshoni awiri amagwera pamalo amodzi n'kumalankhula onse pamodzi. Kupatula apo, wailesiyo inali ndi kabowo ka MiniDisc, timadisiki timene sindinationepo pashelefu ya shopu iliyonse mu Chipata muno.

Ndinagula wailesi ya Pioneer, yopyapyala ija ya single DIN, yokhala ndi Bluetooth, polowetsa fulashi ndi AUX. CD ilibe, ndipo sindinaifunepo. Anyamata a ku Down Shops ankandikopa ndi ziwailesi zazikulu za sikirini, zoonetsa mafilimu ndi mapu. Ndinakana. Masana kuno dzuwa likalowa pagalasi lakutsogolo sikirini sioneka, fumbi limakhala pamenepo, ndiponso chinthu chowala chotero chimaitana maso a anthu oyang'ana m'mawindo ukaimika galimoto pa Saturday Market. Yangayi nkhope yake imachotseka, ndimangoiponya m'thumba potuluka. Pansi pake panatsala malo, wamagetsi uja anaikapo kathumba ka pulasitiki komwe ndimasungamo foni ndi malisiti a pa toll gate. Breeze FM ndi Radio Maria zikumveka bwinobwino pa manambala ake enieni, ndipo ndikamapita cha ku Mwami ndimagwiranso masiteshoni a ku Malawi.

Chimene chinandipatsa chikhulupiriro mwa mnyamatayu n'chakuti sanadule waya ngakhale umodzi wa galimoto. Anagula pulagi yolumikizira yogwirizana ndi ya Toyota, nalumikiza mawaya a wailesi ku pulagiyo ndi mtovu wowotcherera, n'kuveka kapaipi kofota ndi moto pa mfundo iliyonse. Amene munatsegulapo dashibodi ya galimoto yodutsa m'manja ambiri mukudziwa zimene zimapezekamo: mawaya opotedwa ndi zala, okulungidwa ndi tepi yakuda yomwe ikatenthedwa imamatuka. Anandionetsanso mawaya atatu amene amasokoneza ambiri. Wachikasu umatenga moto ku batire nthawi zonse kuti wailesi isaiwale masiteshoni ndi nthawi, wofiira umalandira moto pokhapokha kiyi ikatembenuzidwa, wakuda ndi wa ethi, wolumikizidwa ku chitsulo cha galimoto. Wachikasu ndi wofiira akasinthanitsidwa, wailesi imaiwala zonse mukangozimitsa injini. Ena pofuna kuthetsa zimenezo amangowamanga onse awiri ku batire, ndiye m'mawa galimoto imakana kulira.

Ndalama yanga inaoneka phindu lake pa masipika a m'zitseko zakutsogolo. Akale atatuluka ndinaona chifukwa chake nyimbo zinkamveka ngati munthu akuimbira m'chitini chobooka: mkombero wofewa wozungulira pepala la sipika unali utafumbutuka, ukungoyoyoka ukaukhudza. Zaka zoposa 20 za kutentha ndi chinyezi cha m'chitseko zimatero. Atsopano ndi a mainchesi 6.5, a 4 ohm, okhala ndi katwita, kasipika ka mawu oonda, pakati. Akalewo anali omangidwa ndi marivetsi, ndiye anachita kuwaboola ndi dirilo, ndipo mabowo ake sagwirizana ndi masipika ogula m'shopu. Pamafunika mphete yokhazikapo. Ndinamufunsa ngati sangangodula thabwa la MDF monga amachitira ena. Iye anati, "Ayi abwana, m'chitseko mumadutsa madzi. Mvula ikagwa thabwalo lidzatupa, mudzabweranso kudzandikalipira." Anaika za pulasitiki. Kenaka anatenga kabatire ka tochi ka 1.5 V n'kugunditsa ku mawaya a sipika iliyonse kuti aone ngati pepala likutulukira kunja mbali zonse ziwiri. Sipika imodzi ikalumikizidwa chagada, imakoka pamene inzake ikukankha, ndipo besi imazimiririka ngakhale masipikawo akhale odula chotani. Ndaonapo anthu akugula ampu, chipangizo chowonjezera mphamvu ya mawu, chifukwa cha vuto limeneli, lomwe mankhwala ake n'kungosinthanitsa mawaya awiri.

Masipika akumbuyo tinawasiya. Ali moyo, ndipo tinangokankhira mawu kutsogolo pang'ono.

Pa za mawatsi musanyengedwe ndi makatoni. Wailesi zambiri zimalembedwa kuti 50W x 4, koma imeneyo ndi mphamvu ya kamphindi chabe. Mphamvu yokhazikika, imene amailemba kuti RMS, imakhala cha m'ma 20 pa sipika iliyonse, mwinanso kucheperapo. Ndipo ndi yokwanira m'galimoto yaing'ono ngati Corolla. M'mashopu muli masipika opepuka ngati alibe maginito, koma pakatoni palembedwa 1000W m'zilembo zofiira. Nyamulani sipikayo m'manja, funsani nambala ya RMS. Wogulitsa akayamba kuyang'ana kudenga, pitani shopu ina. Palinso zachinyengo zovala maina a makampani akuluakulu, ndipo mtengo wotsika modabwitsa ndiwo umaziulula.

Nkhani ya sabuwufa tinakangana pang'ono. Iye, monga mnyamata, ankafuna chibokosi cha mainchesi 12 m'buti ndi ampu yakeyake. Ndinamuuza kuti, "Mphwanga, butiyi ili ndi ntchito. Ndikapita kumudzi ku Katete ndimabwerako ndi matumba a chimanga ndi nshawa, nanga ndidzawasenza pamutu?" Tinagwirizana za kasabuwufa kaphwatalala ka mainchesi 8 kokhala ndi ampu m'kati mwake, kolowa pansi pa mpando wa pasenjala. Sikagwedeza malata a nyumba za anthu, koma kamadzaza pansi pa nyimbo pamene masipika a m'zitseko safikapo. Gitala ya besi ya kalindula imamveka chingwe chilichonse, osati kungoti gu gu gu, ndipo m'nyimbo za kwaya amuna oimba mawu aakulu ndayamba kuwamva, omwe kale ankamizidwa ndi azimayi. Waya wake wa moto unachokera ku batire kwenikweni, ndipo fiyuzi anaiika pafupi ndi batireyo. Apa mpofunika kuonetsetsa ndi maso anu: fiyuzi ikakhala kutali, gawo lonse la waya lapakati pa batire ndi fiyuziyo lilibe chitetezo, ndipo likakhuzika pachitsulo galimoto ikhoza kuyaka. Waya woyamba umene anabweretsa anaupala ndi mpeni ine ndikuona, m'kati unali woyera. Unali wa aluminiyamu wongokutidwa ndi kopa pamwamba, womwe sudutsa moto bwino ngati kopa weniweni ndipo umathyoka msanga. Anaubweza yekha n'kukatenga wa kopa. Unakwera mtengo, sindinadandaule.

Nyenyezi imodzi ndachotsa chifukwa cha izi. Nditangotuluka m'galaji ndinamva kamluzu m'masipika, kokwera ndikaponda mafuta, kotsika ndikasiya. Ndi phokoso la alitaneta lolowa m'zoimbira. Nditabwerera tinapeza kuti waya wa ethi wa sabuwufa anaumanga pa bawuti ya mpando osapala penti, ndiponso mawaya a RCA otengera mawu anawayendetsa mbali imodzi ndi waya wa moto. Anapala mpaka chitsulo chinawala, nasamutsira ma RCA mbali ina ya galimoto, kamluzu kanatha. Sanandilipiritse, koma munthu wodziwa zonse zimene ndafotokozazi sanayenere kuthamangira pamenepa. Ndikuganiza kuti anali pa changu chifukwa magetsi anazima masana ndipo panali minibasi ikumudikira.

Chachiwiri, pochotsa zotchinga za m'zitseko anathyola timakilipi tingapo ta pulasitiki osandiuza. N'zoona kuti pulasitiki ya zaka zimenezi imakhala youma, aliyense akhoza kuithyola, koma anayenera kunena. Ndinadzazindikira pa msewu wafumbi wa magiredi, chitseko chakumanzere chitayamba kunjenjemera pa besi iliyonse. Ndipo lisiti sanandipatse. Chitsimikizo cha ntchito yake ndi chapakamwa, ndiye zimadalira kuti mudzam'pezebe pamalo omwewo.

Pa ulendo wautali m'pamene kusinthaku kumaoneka. Kuchoka ku Chipata kupita ku Lusaka pa Great East Road ndi makilomita pafupifupi 570, ndipo ukadutsa Nyimba n'kuyamba kukhotakhota m'mapiri opita ku mlatho wa Luangwa, FM imatha, netiweki ya foni nayo imadukaduka. Kale mmenemo ndinkayenda ndi phokoso la matayala lokha. Tsopano fulashi imagwira ntchito, ndipo siidumpha pa mabampu monga imachitira CD. Pa liwiro la 100 mawu a wowerenga nkhani amamveka osafika kumapeto kwa voliyumu. Kamaikolofoni ka foni anakaika pamwamba pafupi ndi kalilole, ndipo mayi a kunyumba akuti amandimva bwino mawindo akakhala otseka. Akatseguka amangomva mphepo.

Batire silinandivutepo, koma n'chifukwa chakuti asanayambe ntchito analiyeza. Injini ili chozima linaonetsa pafupifupi 12.6 V, italira linakwera cha m'ma 14, kusonyeza kuti alitaneta ikutchaja. Batire lanu likakhala lofooka kale, yambani ndi limenelo musanagule sipika. Ndipo musamaimbe nthawi yaitali injini ili chozima. Amene munapitapo ku Kulamba ku Mkaika kapena ku Nc'wala ku Mtenguleni mwawaonapo anyamata aja otsegula mabuti masana onse, madzulo n'kumapempha anthu kuti awathandize kukankha.

Ngati galimoto yanu ndi yakale ndipo ndalama ndi yochepa, yambani ndi wailesi ndi masipika awiri akutsogolo, sabuwufa idzabwera pambuyo ngati mudzaifunebe. Kwa mnyamatayu ndikhoza kutumizako munthu, koma ndingamuuze kuti akhalepo ntchito ikuchitika, aone pamene ethi yamangidwa, alize injini n'kuponda mafuta nyimbo ili chozimitsa asanalipire, ndipo apite atagula kale paketi ya timakilipi ta m'zitseko. Ofuna besi yomveka kuchokera ku Kapata mpaka ku Moth, dongosolo langali silingawakwanire, afunika chibokosi chija cha m'buti, ampu yapadera ndi waya wonenepa kuposa wanga.