Musanyengeke ndi zithunzi za ma castle, mverani za Dunstanburgh

Abale anga kumudziko, makamaka inu amene mukudikira visa yobwera kuno ku UK, samalani ndi maulendo a holide amene anthu amakonza m'magulu a WhatsApp. Ine mtima ukundiwawabe.

Mkulu wina wodzitcha ejenti wa maulendo anatiuza kuti ulendo wokaona Dunstanburgh, castle (linga lakale lamiyala) ya kumpoto kwa England, ndi £70 munthu mmodzi, zonse zili momwemo, minibasi kuchokera ku Newcastle, nkhomaliro, ya pa geti, ngakhale munthu wotifotokozera mbiri. £70 imeneyo kwathu ndi yoposa K100,000, ndipo kuno imabwera ndi thukuta la ma shifiti a usiku, koma tinalipira poti naye ndi wochokera ku Africa, amatiitana "achimwene" ndi "achemwali".

Tafika ku Craster, kamudzi ka asodzi kodziwika ndi nsomba zowamba, nkhani inasintha. Kaya ati aliyense asonkhe £5 ya parking, kaya ati geti aliyense adzilipirire yekha chifukwa "mitengo yakwera", nkhomaliro ija n'kusanduka paketi ya crisps ndi botolo la madzi, wofotokoza mbiri uja ndiye sitinamuone olo nkhope. Ndipo sanatiuze kuti galimoto imathera pomwepo. Ku castle kulibe msewu wa galimoto, mumayenda pansi makilomita pafupifupi 2 m'mbali mwa nyanja, kudutsa m'mabusa a nkhosa ndi ng'ombe, mphepo ya ku North Sea ikukumenyani kumaso ngati chiperoni cha ku Thyolo mu June. Mayi wina anabwera ndi nsapato za gogoda ndi mwana wa pa pram, anabwerera panjira misozi ili m'maso, £70 yake yapita.

Munthu mmodzi yekha woona mtima anali dalaivala. Ejenti uja atafuna kutidulanso £10 ya "kudikira", bamboyo anakana pamaso pathu, akuti analipidwa kale ya tsiku lonse. Ndi iyeyo anatiuza kuti njirayo ndi yaulere, aliyense amayendamo, mumalipira pokhapokha mukafuna kulowa mkati mwa mpanda. Anayenda nafe mpaka kumtunda, akutikumbutsa kutseka mageti a ziweto komanso kusayandikira ng'ombe za ana.

Malowo ndi okongola, zimenezo sindikana. Anayamba kumanga mu 1313, mwini wake anali Thomas, Earl (mkulu waulemu wachifumu) wa Lancaster, yemwe anayambana ndi m'bale wake Edward II, mfumu ya England, mpaka anadulidwa mutu mu 1322. Koma dziwani kuti ndi bwinja. Denga palibe, zatsala ndi zipupa ndi nsanja zingapo, kuphatikiza ziwiri za pa chipata, mvula ikayamba pobisala ndi povuta. Amene mukulota zipinda zagolide ndi mipando yachifumu mudzakhumudwa.

Mukafuna kupita pitani nokha. Sitima ya pamtunda mpaka Alnmouth, kenako basi ya ku Craster, koma muonetsetse nthawi ya basi yomaliza chifukwa kumidzi kuno mabasi ndi apatalipatali, ndipo mu December 4 koloko kwada kale. Valani jekete yosalowa madzi ndi nsapato zoti zilowe m'matope, tengani chakudya chanu. Wina akati "zonse zili momwemo" muuzeni alembe chimodzichimodzi, akakana sungani ndalama zanu.

Inunso kumudziko lekani kutiwerengera chuma poona zithunzi pa Facebook. Mukaona munthu waima patsogolo pa castle mumangoti basi uyu wadya bwino, atumize ya fetereza, ena mpaka kugulitsa munda kuti abwere adzajambulitse pomwepo. Chithunzi chimenecho munthu wachilipira ndi tsiku la holide limene amayenera kugona, mawa lake ali pa shifiti ya maola 12 miyendo itatupa.

Titafunsa zotibwezera ndalama ya geti ndi nkhomaliro, ejenti uja anangotichotsa m'gulu. Ndamva kuti akulembanso anthu a ulendo wina, mtengo wafika £85.