Ulendo wa Loweruka wokaona kwawo kwa Moshe Dayan: ndapereka nyenyezi zinayi

Tinalipo asanu ndi awiri, tonse ogwira ntchito m'minda kuno kumpoto kwa Israel. Loweruka ndiye tsiku lathu lopuma, komanso ndi tsiku limene mabasi sayenda chifukwa cha Sabata, ndiye tinasonkherana n'kulipira bambo ena amene amayendetsa alendo pa minibasi yawo. Tinasankha ulendo wa tsiku limodzi woona kumene Moshe Dayan, mkulu wa asilikali komanso nduna yotchuka ya Israel, anabadwira, kumene anakulira ndi kumene anagona. Ine za munthuyu ndinkangodziwa chithunzi chake chokha, cha kachikopa kakuda kophimba diso.

Zodandaula ndiyambe nazo. Anatiuza kuti anyamuka nafe 7 koloko, koma anafika dzuwa litakwera kale. Pa foni anati chakudya chilipo, tinapeza madzi ndi timabisiketi basi. Bwenzi titagona ndi njala pakanapanda Nazareth, kumene masitolo a Aluya amatsegula Loweruka. Nyenyezi imodzi yapita pamenepo.

Koma tinangofika pa Degania Alef mkwiyo wonse unatha. Mudziwu uli kumunsi kwa nyanja ya Galilee, pamene mtsinje wa Jordan umatulukira, ndipo Dayan anabadwira pomwepo pa 20 Meyi 1915. Pachipata pali kasinja wamng'ono wa asilikali a Syria, wadzimbiri, ataima pamalo pamene anamuimitsa pa 20 Meyi 1948. Ndinkayembekeza chinthu chachikulu ngati nyumba, koma ndi kachinthu koti thirakitala imene ndimayendetsa kuntchito ingapikisane nako. Ndinaika dzanja pachitsulo chake, chinali chotentha ngati chiwaya. Bambowo anati tiwerengere masiku, ndipo mnzanga wa ku Dedza ndiye anayamba kuzindikira: Dayan, amene anatumidwa kudzatsogolera nkhondo m'derali, anateteza mudzi wobadwira tsiku limene ankakwanitsa zaka 33.

Nkhani ya diso anatifotokozera tili m'galimoto. Mu 1939 Angerezi anamumanga pamodzi ndi anzake a gulu lankhondo lachinsinsi la Ayuda lotchedwa Haganah n'kuwatsekera kundende ya Acre. Anatuluka mu 1941, ndipo Juni wa chaka chomwecho anali kale kutsogolera asilikali a ku Australia kulowa m'dziko la Lebanon kukamenyana ndi Afalansa a boma la Vichy, limene linkagwirizana ndi Germany. Akuyang'ana ndi makina oonera patali, chipolopolo chinamenya makinawo, zidutswa n'kulowa m'diso la kumanzere. Omwe anamumanga ndi omwe anawatayira diso.

Ku Nahalal ndiye kunandigwira mtima, mwina chifukwa ndine mwana wa mlimi. Mudziwu unayamba mu 1921 ndipo anaumanga mozungulira: nyumba zili m'bwalo, minda ikutambasuka kuchokera kuseri kwa nyumba iliyonse ngati masipoko a njinga. Banja lililonse munda wake, koma kugula ndi kugulitsa amachitira pamodzi. Apa m'pamene Dayan anakulira akugwira khasu, ndipo sindinadabwe kumva kuti atasiya ukulu wa asilikali, umene anaugwira kuyambira 1953 mpaka 1958, anakhala nduna ya zaulimi kuyambira 1959 mpaka 1964. Manda ake ali paphiri loyang'ana chigwa cha Jezreel. Mwala wamba, wosasiyana kwenikweni ndi ya anansi ake, pamwamba pali timiyala timene alendo amasiya m'malo mwa maluwa. Kwathu nduna yotere bwenzi atamanga chiliza chooneka uli pamsewu.

Pamandapo m'pamene ndinawayesa bambowo. Za 1967 ankazikamba maso ali gwa, mawu akukwera: nduna yaikulu Levi Eshkol anamuika Dayan kukhala nduna ya zachitetezo pa 1 Juni, nkhondo inayamba pa 5, pofika pa 10 Israel inali italanda Sinai, Gaza, West Bank, Golan ndi kum'mawa kwa Jerusalem. Ndinafunsa kuti, “Bambo, munthu wolowa ntchito Lachinayi angakonze nkhondo ya Lolemba?” Anaseka. Anavomera kuti amene anakonzekeretsa asilikali kwa zaka ndi Yitzhak Rabin, mkulu wa asilikali panthawiyo, koma kutchuka kunagwera Dayan, makamaka ndi chithunzi chija akulowa mu Jerusalem wakale pachipata cha Lions' Gate pa 7 Juni, Rabin mbali ina, mtsogoleri wina wa asilikali Uzi Narkiss mbali ina. Anawonjeza okha kuti Dayan analamula kuti mbendera ya Israel itsitsidwe pamalo opatulika a Asilamu ndipo anasiya malowo m'manja mwa Waqf, bungwe la Asilamu loyang'anira malowo.

Za 1973 sanazibise. Pa 6 Okotobala, tsiku lopatulika la Ayuda la Yom Kippur, Egypt inaoloka Suez Canal, Syria n'kulowa ku Golan, Israel isanakonzeke. Komiti ya Agranat, imene inafufuza za nkhondoyo, inadzudzula mkulu wa asilikali David Elazar n'kumusiya Dayan, koma anthu sanamvere zimenezo, anachita zionetsero mpaka boma la Golda Meir linagwa mu 1974, iye n'kuchoka nalo. Atamva kuti ndife Amalawi anatikumbutsa kuti chaka cha nkhondoyo maiko ambiri a mu Africa anadula ubale ndi Israel, koma Kamuzu sanadule.

Pamene anazemba ndi pa nkhani ya tauni ya Lydda. Mnzanga wina anali atamva kwa Mluya wogwira naye ntchito kuti mu Julaye 1948 gulu la Dayan linadutsa m'tauniyo likuwombera, ndipo patapita masiku ochepa Aluya okhala m'tauniyo anathamangitsidwa. Bambowo anangoti inali nkhondo, n'kuyang'ana wotchi. Chimodzimodzi za chizolowezi chake chofukula mbiya ndi zinthu zakale popanda chilolezo n'kukasunga kunyumba, anangomwetulira. Tsono ngati mupita, konzani mafunso anu, chifukwa zina sangayambe okha.

Zaka zomaliza anazithamangitsa tili kale m'galimoto: kusiya anzake a chipani cha Labor mu 1977 n'kukhala nduna ya zakunja m'boma la Menachem Begin, zokambirana ndi Egypt ku Camp David mu 1978, pangano la mtendere ndi Egypt mu 1979, kutula pansi udindo chaka chomwecho atasemphana ndi Begin pa nkhani ya Apalestina, ndi imfa yake pa 16 Okotobala 1981. Gawo limeneli likanapeza nthawi tikananyamuka 7 koloko ija.

Chingerezi chawo chimamveka, amayendetsa bwino, ndipo sanatikakamize kugula kanthu. Tengani chipewa, madzi owonjezera ndi kamba wanu. Ife tawauza kale kuti mwezi wamawa atitengere ku Acre, tikaone ndende ija.